Khoma lisanagwe: ntchito ya wojambula dera likayamba kugulidwa mu Blantyre

Mu Blantyre kusamutsa anthu sikuchita phokoso kawirikawiri. Si tsiku lililonse pamene kumabwera chigalimoto chogumula nyumba, apolisi ali pambuyo. Zimayamba ndi puloti imodzi. Mdadada wa nyumba za lendi wa zitseko 6 wagulidwa, alendi apatsidwa notisi ya mwezi umodzi, lole yatsitsa mabuloko, ndipo pakutha pa milungu itatu paimirira mpanda wa mamita awiri ndi theka, waya wamagetsi pamwamba. Kanjira kachidule kopita kukiyosiki ya madzi katsekeka. Okala imene inatsamira khoma lakale yachotsedwa. Eni nyumba oyandikana nawo aona, akweza lendi. Pofika chaka chachitatu mzere wonse ndi mageti okhaokha, ndipo mukafunsa kuti pano pankakhala ndani, wokuyankhani palibe.

Amene achokawo sapita ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe. Ena amatulukira ku Machinjiri, ku Lunzu, ku Mpemba, kumene ndalama ya minibasi imadya yonse imene apulumutsa pa lendi. Ena amakwera mapiri kapena kutsikira m'mphepete mwa Mudi ndi Nasolo, kumene malo ndi otchipa chifukwa ndi oopsa. Zimene zinachitika m'munsi mwa phiri la Soche, ku Chilobwe ndi ku Manja, namondwe wa Freddy atafika mu Marichi 2023, tonse tikuzidziwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mumzinda uno, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'madera amene sanayezedwe ndi a mapulani.

Wojambula sangatsitse mtengo wa malo. Chimene angathe ndi kusunga umboni wolondola wa malo ndi anthu ake, umboniwo n'kukhala m'manja mwa anthuwo, komanso kukana kuti luso lake likhale chokometsera malonda a amene akuwachotsa. Ntchito yotereyi imafuna tepi yoyezera ndi deti kuposa mitundu yowala.

Taonani zimene mzindawu wasunga. Mandala House ya 1882 ilipo, tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chinamalizidwa mu 1891 chilipo, ndipo zonsezi zajambulidwa kosawerengeka. Nyumba za anthu amene anaumba njerwa zake sizinasiye chithunzi. M'nthawi ya atsamunda azungu anatenga Sunnyside, Mount Pleasant ndi Mandala, amwenye anali pakati pa tauni ndi ku Limbe, ndipo antchito akuda ankagona kunja, m'malo ngati Ndirande, n'kumalawirira pansi m'mawa. Kuyambira nthawi ya Kamuzu nyumba zooneka zakutha m'tauni zakhala zikulembedwa nyenyezi yofiira kuti zigumulidwe kapena zimangidwenso. Mu 2006 mavenda anachotsedwa m'misewu pa Operation Dongosolo. Ndani ali ndi chithunzi chabwino cha mzere wa mabenchi awo m'mbali mwa msewu wa Haile Selassie tsikulo lisanafike, chokhala ndi deti ndi malo pomwe wojambula anaima?

Mphamvu ya chithunzi chimodzi tinaiona pa Chilembwe. Mu 1914 anajambulidwa atavala chipewa, ataima pamodzi ndi mmishonale wachizungu John Chorley, pa tchalitchi chake chatsopano ku Mbombwe ku Chiradzulu. Mu 1915 boma la atsamunda linachiphwasula tchalitchicho. Chithunzi chinatsala, ndipo ndi chimene Samson Kambalu anaumbirapo chiboliboli chake cha Antelope chomwe chinaikidwa ku Trafalgar Square ku London mu 2022. Ku Cape Town, dera la District Six linalengezedwa kuti ndi la azungu okha mu 1966 ndipo anthu oposa 60,000 anachotsedwa. Nyumba yosungirako mbiri ya deralo, yomwe inatsegulidwa mu 1994, ili ndi mapu aakulu pansi pomwe anthu amene ankakhalako amalembapo maina pamalo pamene panali nyumba zawo. Ku Beijing, wojambula Zhang Dali ankajambula mutu wa munthu pamakoma oyembekezera kugumulidwa, n'kuboola khomalo motsatira mutuwo, kenako n'kutola chithunzi choonetsa nyumba zatsopano kudzera pabowopo. Palibe mwa ntchito zimenezi imene inafuna zipangizo zomwe sitingazipeze ku Limbe kapena ku Ginnery Corner.

Musanatulutse foni

Yambani kwa amfumu kapena kwa bulokolida. Mlendo woyeza makoma ndi tepi amaoneka ngati wotumidwa ndi wogula malo, ndipo mphekesera ikayamba simungaibweze. Nenani poyera kuti si inu a boma, simukulemba maina a chithandizo, ndipo palibe ndalama imene ikubwera. Zimenezi zinenedwe kawiri katatu, chifukwa anthu akaganiza kuti ndi kaundula wa thandizo amadzaza maina, ndipo pakapita miyezi popanda kanthu amakhala ndi chifukwa chomveka chokwiyira.

Koma musathere kwa amfumu ndi eni nyumba. Chipukuta misozi chikamaperekedwa chimapita kwa mwini malo ndi mwini nyumba, wa lendi amangomanga katundu. Iyeyo ndi amene amasowa m'mapepala onse, ndiye iyeyo ndi amene ntchito yanu iyenera kumupeza. Mukamapita 10 koloko m'mawa simumupeza, ali ku ganyu kapena kumsika. Pitani madzulo kapena Lamulungu masana. Funsaninso ngati deralo linawerengedwa kale ndi a CCODE, bungwe loona za nyumba ndi chitukuko m'madera osauka, ndi magulu a Federation, mgwirizano wa anthu okhala m'maderawo, amene akhala akuwerenga nyumba ndi kujambula mapu m'madera otere. Ngati mapu alipo, yambirani pamenepo.

Chithunzi chingathe kupweteka amene mukufuna kumuthandiza. Waya wamagetsi wolumikizidwa mozemba, mphika wa kachasu kuseri kwa bafa, matumba a makala pakhonde, nyumba yolowa m'malire a mtsinje, zonsezi zikafika pa Facebook zimasanduka umboni womuneneza. Muonetseni munthu chithunzi chilichonse pomwepo, akakana chifufuteni iye akuona. Za ana, chilolezo ndi cha makolo.

Chithunzi chobwerezabwereza

Chithunzi chimodzi cha dera sichinena zambiri. Chimene chimanena ndi zithunzi za malo omwewo, mutaima pamodzimodzi, miyezi itatu iliyonse. Sankhani poima pamene sipadzasuntha: ngodya ya mlatho, pholo la magetsi lokhala ndi nambala, pakamwa pa kalavati. Mtengo ndi okala musadalire, ndi zimene zimayamba kuchoka. Dulani nsungwi ya mita imodzi ndi theka, muziikapo foni pamwamba kuti msinkhu usasinthe. Ndipo m'chithunzi chilichonse mulowe msana wa phiri, kaya Michiru, Ndirande, Soche kapena Mpingwe. Uwu ndi mwayi wa Blantyre: pansi pano pangasinthe motani, mzere wa phiri udzatsimikizira kuti malo ndi omwewo.

Musakoke chithunzi ndi zala kuti chiyandikire, chimataya tsatanetsatane. Musagwiritse ntchito diso la foni lotambasula kwambiri lija la 0.5, limapinda makoma m'mbali. Foni iime chilili, isapendekere kumwamba, apo ayi nyumba zimaoneka ngati zikugwa chagada. Nthawi yabwino ndi pakati pa 7 ndi 9 koloko m'mawa. Masana dzuwa limaika mdima wakuda pansi pa malata a pakhonde, pomwe anthu amakhala, nkhope n'kutayika. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala utsi ndi fumbi zimabisa mapiri, choncho zithunzi zoyamba zitengedwe mu Meyi kapena mvula ikangogwa. Tsiku la chiperoni, mitambo itaphimba koma kusakuwaza, ndi labwino zedi pa makoma ndi nkhope chifukwa kuwala kumagwa mofanana.

Pojambula mzere wonse wa nyumba, yendani tsidya lina la msewu, kutola chithunzi masitepe anayi aliwonse, chilichonse chibwereze gawo limodzi mwa magawo atatu a chinzake kuti zidzalumikizike. Pojambula nyumba imodzi, tsamiritsani pakhoma ndodo ya mita imodzi yopakidwa zakuda ndi zoyera masentimita 10 aliwonse. Jambulani mbali zonse zinayi, chimbudzi, bafa, mpanda, mango, mapeyala ndi nthochi. Zithunzi zotere sizilowa m'malo mwa mapepala a malo, koma pakadzabuka mkangano wa zimene zinali papuloti tsiku lowerengera chipukuta misozi, mwini nyumba adzakhala ndi choonetsa.

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimafera: zithunzi zimangotumizidwa pa WhatsApp, foni n'kubedwa. WhatsApp imachepetsa chithunzi ndi kuchotsa deti lomwe foni inasunga mkati mwake, pokhapokha mutatumiza ngati document. Fayilo iliyonse ipatseni dzina loyamba ndi chaka, mwezi, tsiku, kenako dera ndi nambala ya poima. Makope akhale atatu, pamemore khadi, pakompyuta kapena fulashi, ndi pa intaneti. Zofunika kwambiri zitsukitseni. Osalemba kumbuyo ndi bolopeni, imadinda mpaka kutsogolo. Lembani pakapepala, mumate.

Kutenga nkhope ya khoma

Pali zinthu zimene kamera siigwira bwino: nambala ya nyumba yokhomedwa pachitseko, dzina ndi chaka zomwe wina analemba ndi msomali pasimenti yaiwisi, zala za woumba panjerwa, sitepe ya pakhomo yomwe yakumbika ndi mapazi. Izi zimatengedwa pokhula. Matani nsalu yoyera ya kaliko pamalopo ndi tepi ngodya zonse, ikhale yokokeka bwino, kenako khulani pamwamba ndi phula lakuda, kulowera mbali imodzi. Makala musagwiritse ntchito, amafufutika mukangopinda nsalu. Phulalo mungapange nokha: kandulo imodzi ndi supuni yaing'ono imodzi ya okusayidi wakuda, kusungunula m'chitini choikidwa m'poto wa madzi otentha, osati pamoto penipeni chifukwa phula limayaka. Thirani m'bokosi la machesi lizizire. Nsalu ikasuntha pang'ono pokha zilembo zimatuluka ziwiriziwiri, ndiye wina azigwira pamene inu mukukhula.

Mukafuna chogwirika, dindani ndi dongo. Wazani phulusa losefa pamalopo kuti dongo lisamatirire, phwatalitsani dongo likhale lochindikala masentimita 3, likanikizeni ndi chikhatho kuyambira pakati, kenako litsomphoreni pang'onopang'ono n'kuligoneka pathabwa. Zilembo zidzaoneka zotembenuka, musadandaule, zidzawongoka pothira. Mangani kampanda ka dongo ka masentimita 4 kuzungulira. Sakanizani plaster of Paris, kilogalamu imodzi ndi theka pa lita imodzi ya madzi. Ufa ndi umene umapita m'madzi, madzi sapita mu ufa, ndipo osatakasa mwamphamvu chifukwa thovu limasiya mabowo pankhope. Thirani theka, yalani chiguduli kapena waya wa khola la nkhuku pamodzi ndi kawaya kokolowekera, thirani theka linalo. Pakatha mphindi 30 yauma. Ngati ufa unali ndi mibulu pogula, unakoka chinyezi m'sitolo ndipo sulimba. Simenti imagwiranso ntchito, muyezo umodzi pa miyezo iwiri ya mchenga wosefa, koma ikhale m'chikombole masiku awiri ndipo muziithirira madzi kwa sabata.

Dothi la papulotipo nalonso ndi utoto. Tengani katondo kapena makande m'ngalande ya maziko, muumitse, musinje, musefe. Vundulani m'ndowa ya madzi, dikirani mphindi imodzi kuti mchenga utsike, tsanulirani madzi amatopewo m'ndowa ina, agone usiku. M'mawa khuthulani madzi a pamwamba, chotsala pansicho ndiye utoto. Mangani ndi guluu wa matabwa, muyezo umodzi pa miyezo itatu ya madzi. Guluu akachepa utoto umayoyoka mukaukhudza, akachuluka umanyezimira n'kung'ambika. Ndi wa m'nyumba, mvula siupirira. Amayi odziwa kuzira amadziwa kumene kuli dothi la mtundu uliwonse kuposa wojambula aliyense wa m'tauni, afunseni.

Pogumula nyumba zakale samalani ndi malata a asibesitosi ndi penti yakale ya gulosi. Osaswa, osapala zouma, fumbi lake ndi loopsa m'mapapo.

Mapu a pansalu safuna zambiri. Lumikizani kaliko afike mamita 3 mbali zonse, mupake penti yoyera ya PVA yosungunula pang'ono kuti inki ya maka isafalikire. Inu jambulani mtsinje, msewu waukulu ndi msika basi. Zina zonse aike eni ake: mjigo, chigayo, mtengo wa bawo, tchalitchi, mzikiti, manda, tinjira tomwe tatsekedwa. Amene anasamuka kale muwapeze kudzera kumpingo kapena ku banki m'khonde, nawonso adzalembe. Maina athunthu safunika, dzina loitanirana lija la mwana woyamba ndi lokwanira, ndipo limateteza.

Khoma la panja

Ambiri amathamangira apa, ndipo apa ndi pamene ndalama zimaonongeka. Poyamba dziwani chimene mukufuna. Ngati chithunzi chikhale zaka, sankhani khoma lomwe silichoka, la sukulu, la chigayo, la mpingo. Ngati mukujambula dala pakhoma loti ligwa, ntchito yeniyeni ndi zithunzi zomwe mudzatole lisanagwe, likugwa ndi litagwa, ndiye musawonongepo penti yodula. Mulimonsemo, chilolezo cha mwini khoma chikhale cholembedwa. Khoma loyang'ana msewu waukulu kafunseni kukhonsolo ya mzinda, chifukwa zolembedwa za m'mbali mwa msewu amaziyang'anira ndi iwo.

Yesani khomalo musanagule kanthu. Pukutani ndi chikhatho: chikayera, khomalo linapakidwa laimu, ndipo penti iliyonse yoikidwa pamwamba pake idzasupuka ngati khungu la njoka. Laimu achoke yense ndi burashi ya waya. Matani pepala la pulasitiki lokwana masentimita 45 mbali zonse, tepi kuzungulira, lichezere mpaka mawa. Mukapeza madontho mkati, khomalo likukoka madzi, ndipo penti idzatupa matuza. Gogodani ndi chala: pomveka ngati ng'oma, pulasitala walekana ndi njerwa, agwetsedwe n'kuikanso. Pulasitala watsopano adikire masiku 28. Simenti yaiwisi imadya penti ya gulosi mpaka kuisandutsa yomata ngati sopo. Khoma la zidina losapaka pulasitala silisunga penti ya m'sitolo, pamenepo gwiritsani ntchito laimu wosakaniza ndi okusayidi wofiira, wachikasu kapena wakuda, okusayidi asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa laimu.

Tiyerekeze khoma la mamita 8 m'litali ndi mamita 3 m'mwamba, masikweya mita 24. Pulasitala wokhakhala amamwa lita imodzi ya pulaima pa masikweya mita 6, ndiye malita 4, gulani chitini cha 5. Penti yoyera ya acrylic ya panja, kupaka kawiri, idya malita 6. Gulani 10 kuti yotsalayo ikhale yosakanizira. Mitundu ina lita imodzi iliyonse: yakuda, yofiira ya okusayidi, yachikasu cha dothi, yabuluu. Madzi osungunulira asapitirire gawo limodzi mwa 10. PVA wotchipa wa m'ndowa zazikulu uja ndi wa m'nyumba, muli choko chambiri, ndipo mvula ya Disembala imamutsuka. Vanishi ya matabwa musaike pamwamba, imasanduka yachikasu n'kusupuka pamodzi ndi chithunzi.

Masentimita 60 a m'munsi asiyeni opanda nkhope kapena mawu. Nyumba zambiri zilibe magata, madzi a padenga amamenya pansi n'kuthovukira kukhoma ndi matope, komanso chinyezi chochokera m'maziko chimakwera mpaka pamenepo. Pakani lamba wakuda kapena wa katondo.

Dzuwa nalo lilingalireni. Blantyre ili kummwera kwa equator, choncho miyezi yambiri ya chaka dzuwa limadutsa chakumpoto. Khoma loyang'ana kumpoto ndi loyang'ana kumadzulo ndi amene amafwifwa msanga. Zofiira zowala, zapinki ndi zachikasu chowala zimayamba kutha. Mitundu ya okusayidi imapirira. Nkhope zipangidwe ndi mitundu yopirirayo, chifukwa nkhope yomwe yataya kufiira imatsala yotuwa ngati ya wodwala, ndipo mwini nkhopeyo amadutsa pomwepo tsiku ndi tsiku. Nyengo yopakira ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, kupewa masiku a chiperoni pamene penti siuma ndipo imayenderera. Mu Okutobala yambani 6 koloko, mulekeze 10 koloko. Pakhoma lotentha penti imauma pamwamba mkati isanagwire.

Posamutsa chojambula, pepala la A3 likwanira. Khoma la mamita 8 ndi 3 lijambulidwe masentimita 40 ndi 15. Dulani mabokosi a masentimita awiri ndi theka papepala, pakhoma akhale a masentimita 50, onse pamodzi 96. Mizere ya pakhoma imenyeni ndi chingwe chopaka choko. Maka musayese, inki yake imatulukira pamwamba pa penti ngakhale mutapaka katatu. Mawu mupatse wolemba zikwangwani wa m'deralo, dzanja lake ndi lowongoka kuposa lanu ndipo anthu amalidziwa. Kuti awerengeke kuchokera tsidya la msewu, mamita 20, zilembo zisachepere masentimita 20, ndipo wa m'minibasi sawerenga mawu oposa 6 kapena 7.

Nanga mujambulepo chiyani? Mayi wolira atabereka mwana ndi chithunzi cha paliponse, sichinena za Mbayani kapena za Bangwe. Chimene chimaimitsa anthu ndi chimene akuchizindikira: kanjira kotsekedwa kaja ndi dzina lake, mzere wa zitseko 6 monga unalili ndi mitundu yake, mtengo wa lendi ya chitseko chimodzi zaka zisanu zapitazo ndi wa lero monga anenera alendi eni ake. Dzina la munthu amene wagula malo lisalembedwe, ndipo mawu oneneza munthu kuti ndi wakuba asapezeke. Inu mudzanyamula makwerero n'kupita, wotsala ndi mlandu ndi mwini khoma.

Akakuitanani kuti mukongoletse mpanda

Tsiku lina foni idzalira. Pamalo pomwe pakumangidwa nyumba zosanja kapena malo ogona alendo azinga malata, ndipo akufuna muwajambule kuti aoneke bwino. Ndalama yake ndi yeniyeni, ndipo wojambula nayenso ali ndi lendi yake. Sindikuona kuti aliyense wovomera walakwa. Koma funsani kaye anthu ozungulira kuti pamalopo pankakhala ndani ndipo anachoka bwanji. Ngati anachoka akulira, chithunzi chanu cha amayi osenza mitsuko akumwetulira chidzakhala chophimba misozi yawo, ndipo ntchito yoteroyo ndi yoyenera kuikana.

Zinachitikapo kwina. Ku Woodstock ku Cape Town ndi ku Maboneng ku Johannesburg, makoma ojambulidwa ndi malo oonetsera zaluso anathandiza kukopa ogula, lendi n'kukwera. Ku Berlin mu Disembala 2014 zithunzi zikuluzikulu za wojambula Blu m'dera la Kreuzberg zinapakidwa penti yakuda usiku, Blu mwiniyo atavomereza, kuti zisakhale zokometsera malonda a nyumba zodula zomwe zimati zimangidwe pamenepo. Blantyre sinafike pamenepo, koma njira yake ndi yomweyo.

Mukavomera, pangano lilembedwe: chojambulidwa ndi chiyani, chikhala nthawi yaitali bwanji, dzina lanu lioneka pati, ndiponso kuti chithunzicho sichidzaikidwa pamalonda ogulitsira nyumba kapena mapuloti popanda chilolezo china ndi malipiro ena. Kulipidwa popaka khoma sikutanthauza kuti mwagulitsa umwini wa chojambulacho, koma mkangano umachepa zikalembedwa. Lamulo la zaumwini wa luso la 2016 lilipo, ndipo a COSOMA, bungwe loona za umwini wa luso, angakufotokozereni musanasaine. Pa malatawo, atsopano onyezimira sagwira penti. Atsukeni ndi sopo kuchotsa mafuta, mupake pulaima ya malata, kenako penti. Mukalumpha pulaima, pakutha pa miyezi yochepa idzasendeka ndi chikhadabo.

Funso lomweli limabweranso pogulitsa. Ogula zojambula mu Blantyre ambiri ndi a kumayadi ndi alendo a m'mahotela, ndipo palibe cholakwika kuti ntchito ikafike ku La Caverna ku Mandala House kapena ku Jacaranda Cultural Centre. Koma iyambe yaonetsedwa komwe inachokera, m'kalasi kapena m'holo ya mpingo, zithunzi zitapanidwa pachingwe ndi mapegi a zovala, Loweruka masana, polowa ulere. Pamenepo anthu adzakukonzani: chitseko chija chinali chobiriwira, mjigo unali kumanzere. Konzani. Ngati ntchito yokhala ndi nkhope kapena nyumba ya munthu idzagulitsidwa, gawo lake ligwirizanidwe isanachoke m'deralo, osati ndalama italowa kale m'thumba.

Makope a zonse, zithunzi zotsuka, mndandanda wa poima ndi madeti, ndi chithunzi cha mapu a pansalu, kaperekeni kumalo osunga mbiri: laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, Museum ya ku Chichiri, kapena National Archives ku Zomba. Zoyambirira zitsale m'deralo kwa anthu atatu osiyana, ndipo mmodzi mwa iwo akhale wa lendi. Zisungidwe m'ndowa ya pulasitiki ya chivindikiro cholimba, pamwamba pa thebulo osati pansi, chifukwa chiswe ndi chinyezi cha Febuluwale zimamaliza pepala msanga. Nsalu zokhula zikulungidwe pachitsulo cha paipi kapena pansungwi, phula lili mkati, osazipinda. Pachivindikiro lembani manambala a foni a anthu atatuwo ndi yanu, kuti mmodzi akapatsidwa notisi adziwe wokamusiyira ndowayo.